Ndinazenga Amayi Anga Mlandu

1

Mukadzamva anthu a ku Golomoti akukamba za mtsikana amene anavala suti kuti azenge mlandu amayi ake omubereka, musavutike kufunsa kuti ndi mwana wa ndani. Ndine. Dzina langa ndi Pempho Chauluka, ndipo nkhaniyi ndaganiza zoifotokoza ndekha chifukwa amene akuifotokoza pamsika akuithira mchere wambiri. Ena akuti ndinabwera ndi apolisi. Apolisi kunalibe. Zina zonsezo n'zoona.

Nditamaliza digiri ya zamalamulo ku Zomba, ndinabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi cha zovala, china cha mabuku. Ndinkaganiza kuti ndingopumako pang'ono pamene maofesi a maloya akundilimbirana. Ndinalemba makalata ofunsira ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre, ngakhale ku Mzuzu kumene sindinapondeko. Ena ankayankha kuti akufuna munthu amene anagwirapo kale ntchito. Ena ankati andisunga m'maganizo. Ambiri sankayankha n'komwe. Mvula inagwa, tinawokera mpunga ku Bwanje, tinapalira, mpunga unacha, tinakolola, ine ndikadali m'maganizo mwa anthu.

Kumudzi konse ndinali a Loya. Amayi anga, a Fagness, akafuna kundituma kuchigayo ankati, "A Loya, chimanga chija chikudikira." Anthu ankabwera ndi milandu ya mbuzi zodya mmera wa eni, ine n'kumawalangiza nditakhala pamtondo, iwo n'kundisiyira dzungu kapena kambale ka usipa.

Amene ankanyada kwambiri ndi bambo anga, a Laisoni. Iwowa ndi mlimi wa mpunga komanso woyimbitsa kwaya kutchalitchi kwathu, munthu wokonda kupesa tsitsi ngakhale latsala lochepa. Akakangana ndi munthu pa nkhani ya madzi a m'ngalande, sankatayanso mawu. Ankangoti, "Mukaonana ndi loya wanga," n'kukwera njinga.

2

Tsiku lina ndikuyanika mpunga pakhomo, foni inalira. Anali mlembi wa ofesi ya maloya ya Bizeki ndi Anzake ku Lilongwe, kundiitana ku intavyu.

Ndinathamangira pakhonde. Amayi ankapeta, bambo ankasoka thumba.

"Andiitana," ndinatero. "Kwa Bizeki ndi Anzake."

"Bizeki wake uti?" anafunsa amayi.

"Mayi Katerina Bizeki. Amati akangolowa m'khoti, maloya aamuna amayamba kupempha kuti mlandu uyimitsidwe kaye."

Bambo anatsokomola, n'kunena kuti akukaona ngati njinga ili ndi mpweya. Amayi anapitiriza kupeta mpunga umene anali atapeta kale. Ine ndinangoti n'chisangalalo. Anthu amasangalala mosiyanasiyana.

Suti ndinaigula pakaunjika ku Mtakataka, telala n'kuichepetsa m'mapewa. Ku intavyuko tinalipo ambiri, ena anzanga a m'kalasi, tonse tikusekererana pamwamba koma mumtima tikupemphererana chimfine. Nditalowa, ndinapeza mayi wamfupi, wa magalasi pamphuno, wa mawu otsika oti umachita kutchera khutu. Anandifunsa za malamulo a malo, za chuma cha masiye, za mkazi amene abale a mwamuna akufuna kumulanda munda. Ndinayankha mpaka thukuta kutsikira kumsana. Kenako anayang'ananso mapepala anga.

"Chauluka wa ku Golomoti. Bambo ako ndani?"

"A Laisoni Chauluka, Madamu."

Anavula magalasi.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, Madamu."

"Tsitsi akadali nalo?"

Ndinaganiza kuti ndi msampha wa maloya, woyesera ngati munthu amanena zoona ngakhale pa zochititsa manyazi.

"Lambiri linapita, Madamu. Latsala la m'mbali."

"Chabwino," anatero, akuvalanso magalasi. "Tidzakuuza."

M'minibasi yobwerera ndinkafufuza m'mutu mwanga lamulo limene likukhudza dazi la bambo anga. Sindinalipeze.

3

Milungu inadutsa, foni ili zii. M'mawa wina bambo ananditenga kudimba, ati tikaone ngati tomato akufuna madzi. Titafika pamene panalibe wotimva, anakhala pamzere, n'kuvula chipewa.

"A Loya, lero sindikulankhula ngati bambo ako. Ndabwera ngati munthu wofuna thandizo."

"Ndi za ngalande zija?"

"Ndi amako."

Anafotokoza motsitsa mawu. Loweruka lililonse amayi ankavala chitenje chatsopano, n'kunyamula kathumba ka mpunga wosankha, ati akupita ku Mua kukaona wodwala. Wodwalayo dzina analibe. Sankachira, sankamwalira. Madzulo ankabwera akung'ung'udza nyimbo zakale, akununkhira pafyumu amene m'nyumba mwathu munalibe. Ndipo msuweni wa bambo, a Fabiano, anali atawaona akutsika galimoto yoyera pamsewu.

"Woyendetsa ndi mwamuna," anatero bambo. "Wa tayi."

"Mwawafunsa?"

"Ndifunse kuti ndimve chiyani? Pempho, amako masiku ano akumaseka okha kukhitchini. Zaka zonsezi ine sindinawaseketsepo chomwecho."

M'maso mwawo munali misozi, ndipo mtima wanga unawawa. Kusukulu anatiphunzitsa kuti loya sayimira mlandu umene ukumukhudza iye mwini. Funso limenelo linabwera pamayeso, ndipo ndinalikhoza bwino. Koma munthu amene watha chaka akuweruza mbuzi, akamva fungo la mlandu weniweni wa banja, nzeru zimathawa. Ndinavomera.

Loweruka lotsatira ndinawatsatira amayi. Iwo anakwera minibasi, ine kabaza wa njinga yamoto kumbuyo, nditafunda chitenje kumutu ngati wopita kumaliro. Pamphambano yolowera ku Mua anatsika. Galimoto yoyera inali ikudikira pamthunzi. Munatuluka mwamuna wa tayi, anawalandira kathumba, n'kuwatsegulira chitseko. Amayi anga, amene amakwera ngolo atakumbatira nkhuku, kutsegulidwira chitseko. Ndinajambula pafoni, ndipo galimoto inakhotera kumtunda n'kundisiyira fumbi.

Pakati pa sabata yomweyo foni inalira. Ntchito ndinali nditaipeza kwa Bizeki ndi Anzake, ndikayambe kumayambiriro a mwezi, miyezi yoyamba ikhale yondiyesa. Amayi analulutira, kenako anagwada pabwalo pomwepo n'kuyamba kupemphera. Ndinawayang'ana n'kunena chamumtima kuti anthu achinyengo amadziwa kupemphera. Mulungu andikhululukire. Ndinatsimikiza mtima kuti ndisanapite kutauni, ndimalize kaye mlandu wanga woyamba.

4

Kwathu nkhani za banja amakamba ndi ankhoswe, kuseri, mwakachetechete. Ine ndinati ayi, zichitike mwadongosolo. Lamulungu masana, titabwera ku Misa, kunafika amalume anga a Onani, nkhoswe ya amayi, ndi a Fabiano aja, nkhoswe ya bambo. Ndinaika tebulo pansi pa mtengo wa mango, ndinandandalika mipando, ndinavala suti. Amene amakudziwa kuchigwa kwathu mu Okutobala angamvetse kuti suti imeneyo inali chilango pa yokha. Anthu oyandikana nafe anayamba kupeza zifukwa zodutsira pakhomo. Wina anabwera kudzapala moto dzuwa lili paliwombo, ndipo sanachokenso.

"Pempho, izi ndi nkhani za akulu," anatero amalume. "Mwana sakhalapo."

"Sindinabwere ngati mwana, amalume. Ndikuyimira wodandaula."

Amalume anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango.

Amayi anakana mpando. Anakhala pamphasa atatambasula miyendo, akuswa mtedza m'lichero.

"Mayi Chauluka," ndinayamba, "Loweruka la sabata yatha munali kuti?"

"Mayi Chauluka ndi ndani? Ine ndine amako."

"Yankhani funso."

"Ku Mua."

"Kukatani?"

"Kukacheza."

"Osati kukaona wodwala?"

"Wodwala anachira."

"Dzina lake ndani?"

Amayi anasiya mtedza n'kundiyang'ana. "Pempho, pali mafunso ena oti ukafunsa, yankho lake limagwera iwe wemwe. Vula chijekete icho ukhale pansi."

Ine ndinaona ngati mboni yayamba kugwedezeka. Ndinatulutsa foni, chithunzi chija n'kuyenda m'manja mwa ankhoswe. A Fabiano anapukusa mutu mokhutira. Bambo anaweramitsa nkhope.

"Mwamuna uyu ndi ndani wanu?"

"Si wanga. Ndi dalaivala."

"Dalaivala wa ndani?"

Amayi anatembenukira kwa bambo. "Abambo ake Pempho, mukufunadi ndimutchule pano, anthu onsewa akumva?"

"Mutchuleni," anatero bambo. "Ine ndilibe chobisa."

"Chabwino. Koma abwere adzadzinenere yekha."

Anamasula foni pansonga ya chitenje n'kuyimba. "Iwe, usanabwerere kutauni udutse kuno. Ndili pakhoti. Ee, pakhomo pompano. Akundizenga ndi loya wako yemwe uja."

Mawu akuti "loya wako" ndinawamva, koma m'mutu sanalowe. Ndinali kalikiliki kukonza mafunso oti ndimupanikize nawo mwamuna wa tayi. Amayi anamaliza kuswa mtedza, n'kugawira ankhoswe onse awiri, ndi uja wopala moto yemwe.

5

Galimoto yoyera inalowa pakhomo nkhuku zikubalalika. Mwamuna wa tayi anatsika, koma sanabwere kwa ife. Anazungulira n'kutsegula chitseko cha kumbuyo. Munatuluka mayi wamfupi, wovala chitenje ndi duku, magalasi ali pamphuno.

Anali Mayi Bizeki, abwana anga amene ndinali ndisanawagwirire ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Bambo anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Anapapasa chipewa, koma chinali chitagwera kunsi kwa mpando.

"Laisoni," anatero Mayi Bizeki. "Mwanayu sananame. Latsaladi la m'mbali."

Anapereka moni kwa ankhoswe monyonyomala ngati mwana wa kumudzi, anakhala pamphasa pambali pa amayi, n'kutapa mtedza.

"Pitirizani, a Loya. Mboni yafika."

Ndinafuna kutseka mlandu pomwepo. Koma anthu anali atadzaza kuseri kwa mpanda, ndipo loya sathawa khoti lake lomwe.

"Madamu, amayi angawa mumawadziwa bwanji?"

"Tinakulira limodzi ku Mua. Mphasa imodzi, mbale imodzi, deresi la Khirisimasi kubwerekana. Funsa lina."

"Nanga bambo?"

"Bambo akowa anali oti andikwatire ine. Ankhoswe anakumana, mayina tinapereka kwa ansembe, tsiku linasankhidwa. Ine ndinapita ku Lilongwe kwa azakhali kukasoketsa deresi. Azakhaliwo anadwala, ndinachedwako miyezi ingapo ndikuwadwazika. Ponyamuka ndinali nditamuuza mnzangayu kuti azindiyang'anira mwamuna, atsikana a kwaya angamube." Anatafuna mtedza pang'onopang'ono. "Anamuyang'aniradi. Sanamuchotse diso. Nditabwera ndi deresi langa m'chikwama, ndinapeza Fagness chitenje akumangira pamwamba."

Kuseri kwa mpanda kunamveka kuseka kobanika. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma pakamwa pa loya pamayenda pokha.

"Zimene mukunenazi, muli ndi umboni?"

Mayi Bizeki anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Umboni wake ndi uwu waima apawu, wavala suti."

Amalume a Onani, amene mbiri yakaleyi ankaidziwa yonse, anaseka mpaka kutsetsereka pampando. A Fabiano anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Mpanda wonse unagwedezeka. Ine ndinafuna nthaka ya Golomoti ing'ambike ndilowe, koma mu Okutobala nthaka imakhala gwa.

"Katerina," anatero bambo, mawu ali ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa, "zinali za ubwana."

"Ndikudziwa. Ndinalira chaka chathunthu. Kenako ndinabwereza mayeso a Fomu 4, ndipo mkwiyo womwewo unandifikitsa ku yunivesite. Ukanandikwatira, bwenzi pano ndikupirikitsa mbalame ku Bwanje. Fagness anandisenzera katundu."

"Ndipo amalemera," anatero amayi.

Awiriwo anawombana m'manja, akuseka ngati atsikana a kudambo.

Bambo anali asanamalize. Analoza kugalimoto. "Ndiye kuti wa tayiyo..."

"Ali ndi mkazi wake ndi ana, Laisoni. Khala pansi."

Bambo anakhala. Anayamba kuseka nawonso, akupukuta m'maso ndi chikhato, ndipo sindinathe kudziwa ngati anali manyazi kapena mpumulo. Mwina zonse.

Alendo ponyamuka ndinawaperekeza kugalimoto.

"Madamu, za ntchito ija..."

"Ntchito ili pomwepo. Ndinakusankha tsiku la intavyu lomwe, amako asanandipeze. Za mkazi wamasiye uja unayankha bwino kuposa onse. Koma lero waluza. Wayimira mlandu wa m'nyumba mwako, wakhulupirira chithunzi chimodzi, wafunsa mboni funso usakudziwa kumene likupita. Kuofesi kwanga ukayambira kunyamula mafailo mpaka nditaiwala za lero." Analowa m'galimoto, n'kutsitsa galasi. "Ndipo ine sindiiwala msanga. Funsa bambo ako."

6

M'mawa mwake ndinawapeza amayi kuseri akutsuka mbale. Ndinagwada pamatope pomwepo.

"Amayi, pepani."

Anapitiriza kukwecha poto kwa kanthawi. Kenako anayamba kulankhula osandiyang'ana.

"Utangotchula dzina lija, mtima wanga unazizira. Ndinati mwanayu wavutika kuphunzira, ntchito imuphonye chifukwa cha tchimo langa? Ndinamva kuti Katerina amabwera ku Mua kumapeto a sabata, akumangira amake nyumba. Ndinapita kukagwada. Sindinapemphe kuti akulembe ayi. Ndinati ngati akukana, akukanire zako, osati zanga."

"Anati chiyani?"

"Anandisiya ndili chigwadire mpaka mawondo kuwawa. Kenako anati, 'Fagness, wakalamba.' Ine ndinati, 'Nawenso.' Basi, tinayamba kulira."

"Nanga maulendo ena onsewo?"

"Woyamba ndinapitira iwe. Enawo ndinkapitira ine ndemwe. Mwamuna ndinamupeza, ana ndinabereka, koma mnzanga woseka naye ngati uja sindinamupezenso. Zaka zonsezi ndinkamusowa, ndilibe womuuza."

"Bambo bwanji simunawauze?"

"Ndikanayambira pati? Dzina limenelo m'nyumba muno silinatchulidwepo chibadwire iwe." Anandipatsa poto. "Dzuka, tsukuluza uyu. Mlandu watha."

Sabata imeneyo bambo ankatunga madzi okha panjinga, osatumidwa, ndipo madzulo ena ndinawamva akuyesera kuwaseketsa amayi kukhitchini. Nthabwala zawo zinali zakale zomwe zija. Amayi anaseka ndithu, kaya nthabwalazo kaya eni ake.

7

Pano ndili ku Lilongwe. Miyezi yoyamba ndinanyamuladi mafailo, kuchoka kuofesi kupita kukhoti, kuchoka kukhoti kubwerera kuofesi, mpaka nsapato kupendama. Tsiku loyamba kuima pamaso pa majisitireti, ntchito yanga inali yongopempha kuti mlandu uyimitsidwe chifukwa mboni yadwala. Pempho linamveka. Potuluka Madamu anangoti, "Lero sunazenge m'bale wako aliyense. Tikupita patsogolo."

Amayi akabwera kutauni safikira kwa ine. Amafikira kwa Madamu, ine n'kumva kwa dalaivala kuti mayi anga ali m'tauni muno. Kumudzi dzina la a Loya linatha. Ndikatsika minibasi pa Golomoti, amayi ogulitsa tomato amaitanizana kuti a Umboni abwera, ndipo ndinasiya kukwiya, ndimangobweza moni.

Owerenga anzanga, makamaka inu amene mwangotuluka kumene kusukulu mapepala akadali otentha, ndili ndi mawu ochepa. Makolo athuwa anali anyamata ndi atsikana ife tisanabwere. Anakondana, analandana, analakwirana, ndipo milandu yawo anaweruzana okha popanda digiri. Ina inatha, ina anangoifunditsa chitenje n'kupitiriza kulima. Mukaona dzina lina likatchulidwa bambo akuthamangira kukapopa njinga, asiyeni apope. Mukaona mayi ayamba kuseka okha kukhitchini, thokozani Mulungu kuti akuseka. Sikuti chinsinsi chilichonse cha m'nyumba chikudikira inu kuti muchivundukule.

Koma ngati mtima ukukuyabwani ndithu, musanaitane ankhoswe, yambani mwafunsa tsiku limene makolo anu anakwatirana. Muliyerekeze ndi tsiku lanu lobadwa, muwerenge miyezi pa zala muli nokha kuchipinda. Ine ndinawerenga mlandu utatha kale, ndipo zala za dzanja limodzi zinakwanira.